Ngalande Poyamba, Phula Pambuyo: Mau kwa Alimi a ku Limbuli

Abale anga alimi, mwezi uno ndiyamba ndaika pambali nkhani za nazale ya fodya ndi za anankafumbwe m'nkhokwe, kuti ndinene za mseu. Ndidziwa kuti ena mwa inu mudzati, "Kodi mlangizi wa malimidwe ali nazo ciani za miseu, popeza eni ace a nchito imeneyo alipo ku Boma?" Ndikuyankhani motere. Ine ndimakuphunzitsani kupanga mizere, kubzala ndi mvula yoyamba, kuthira feteleza pa nthawi yace ndi kusankha fodya masamba ofanana. Koma zonsezi zikacitika bwino, ndipo mbeu ikaima pakhomo panu cifukwa lole yakana kufika, kuphunzitsa kwanga kwapita pacabe pamodzi ndi thukuta lanu. Cifukwa cace mseu wa kumudzi ndimauwerengera pamodzi ndi munda, monga momwe ndiwerengera nkhokwe ndi cigafa.

Mlendo wofika pa Limbuli angathe kuganiza kuti ife tilibe codandaula. Mseu waukulu wa M2, wocokera ku Blantyre kudzera ku Thyolo, Luchenza ndi pa boma la Mulanje, umatidutsa ndi phula lace kufikira pa cipata ca Muloza, ndipo patsidya pace pali Milange wa ku Mozambique. Msika wathu ndi wodziwika kutali. Cimanga ca ku Mozambique cakhala cikuwoloka pano pa njinga zaka zambiri, nicinka kukadyetsa Blantyre, ndipo malole amanyamula nandolo, cinangwa, nanazi ndi mapeyala. Koma tafunsani, ndani wa ife amalima m'mphepete mwa phula? M'malo ambiri m'mbali mwace mwadzaza tiyi wa m'maesiteti ndi magolosale. Mlimi wa cimanga ndi fodya ali kuseri, kutsidya kwa mtsinje, kumene kumafika mseu wa dothi wokha kapena kanjira ka njinga. Bvuto lathu lili pa makilomita asanu kapena khumi a pakati pa khomo la mlimi ndi phula, ndipo ndi makilomita amenewa amene ndifuna tiwaganizire.

Caka cina ndinatsagana ndi mkulu wina amene ndinamlangiza kuyambira pa nazale kufikira pa kudinda mabelo. Fodya wace anali wokoma, wouma bwino, wosankhidwa mwa dongosolo. Lole inabwera kudzatenga mabelo ace ndi a anzace kunka nawo ku okushoni ku Limbe. Koma usiku wace kunagwa mvula ya ciperoni, ndipo pa kakhwawa kena, pamene kalavati anali atatsekeka ndi mcenga kuyambira dzinja, madzi anali atadutsa pamwamba pa mseu. Lole inatitimira mpaka ekiselo. Tinatsitsa mabelo onse kuti ipepuke, tinawasanja pa udzu wonyowa, tinakumba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo lona inali imodzi yokha. Mabelo awiri a mkuluyo anamwa cinyezi, nacita cuku asanagulidwe. Iye sanandikalipire ai. Anangoti, "Alangizi, za masamba munandiuza zonse, koma za apa simunanene." Kalavati ameneyo anthu anai okhala ndi makasu ndi fosholo akanamtsegula m'mawa umodzi.

Kutayika kwa mtundu umenewu kumaoneka ndi maso. Kulinso kwina kosaoneka, kumene kumatidya caka ndi caka. Wogula cimanga kapena nandolo akadziwa kuti kwanu galimoto sifika, iye amabwera yekha ndi sikelo yace, ndipo mtengo amachula ndiye, pakuti palibe mnzace wopikisana naye. Mukakana, mudzalipira wa njinga kapena wa njinga yamoto thumba lililonse pa lokha, ndipo iyenso amakweza mtengo pakakhala matope, ndipo sitingamnene, pakuti masipoko ndi msana ndi zace. Feteleza naye amayenda njira yomweyo pobwera. Motero mlimi wa kuseri amagula modula nagulitsa mochipa, ngakhale munda wace upose wa mnzace wa pafupi ndi phula. Msonkho umenewu sulembedwa m'buku la Boma lililonse, koma timaupereka ndithu.

Tsono ciwononga mseu wa dothi nciani? Ambiri amati malole. Malole amangotsiriza nchito imene madzi aiyamba. Ife tikhala kunsi kwa phiri la Mulanje, mbali imene imalandira mvula yoculuka koposa madera ambiri a Malawi; ndico cifukwa cace tiyi anayamba kubzalidwa m'boma lino, ku Lauderdale, m'caka ca 1891. Walira mvula walira matope. Pamene ndinali kuphunzira uphunzitsi anatiuza kuti mwana samva nambala kufikira utamuonetsa ndi zinthu za pakhomo, conco tiyeni tiwerenge ndi ndowa. Tengani mseu wa mamita 6 m'lifupi ndi kilomita imodzi m'litali. Ikagwa mvula ya mamilimita 50, imene kuno imatha kugwa madzulo amodzi, pa mseu wokhawo pamatera malita 300,000 a madzi. Ndiwo ndowa 15,000 za malita 20. Sitinawerenge madzi otsika m'minda, pa madenga a malata ndi m'tinjira ta kumtunda. Ndowa zonsezi ziyenera kupita kwina kwace. Ndipo ngati sitizipatsa njira, zimasandutsa mseu womwewo kukhala njira yao.

Inu acikumbe nzeru imeneyi muli nayo kale, pakuti ndi yomweyo ya akalozera ndi milambala. M'munda timafuna madzi aime ndi kulowa pansi. Pa mseu timafuna acoke msanga, koma pang'ono pang'ono, asanasonkhane ndi kupeza mphamvu. Mseu wabwino uli ndi msana pakati, wotsetserekera uku ndi uku, kuti dontho likagwa lithawire m'mbali, lisatsate mapazi a matayala. M'mbali muli ngalande. Ngalandeyo isayende mtunda wautali osapuma, koma ikhale ndi tingalande topatuka, totayira madzi pa udzu kapena m'dzenje lokumbidwira comweco. Ndipo pamene patsetsereka kwambiri, tingalandeto tiyandikane. M'ngalande ya pa citunda muikidwe timipanda ta miyala kapena ta zikhomo za nsungwi, kuti madzi atsike ngati pa makwerero ndi kusiya dothi lao pambuyo. M'mphepete mubzalidwe udzu wa vetiva, womwewo umene timabzala pa akalozera. Pamene madzi ayenera kuwoloka mseu, paikidwe kalavati wa kukula kokwanira, wokhala ndi zipupa kukamwa kwace. Ndipo pa khwawa lotambalala limene limadzaza maola ocepa okha, kaŵirikaŵiri kuyala konkire pansi kuti madzi adutse pamwamba kumaposa kalavati wamng'ono amene adzatsekeka ndi zinyalala mvula yoyamba. Palibe ca izi cimene cifuna makina a kunja. Zifuna makasu, mapiki, wilibala, simenti pang'ono, ndi munthu wodziwa kuyeza.

Apa ndipo ndimasiyana maganizo ndi abale anga ambiri, amene amaomba m'manja akaona cigalimoto copala mseu cafika. Sindicida cigalimotoco, cikagwira nchito m'manja mwa munthu wosamala, dothi likali ndi cinyezi pang'ono, cimaumba msana wabwino. Koma cikangopala pamwamba ndi kukankhira dothi m'mbali, cimakwirira ngalande ndi kutsitsa mseu. Cikatero zaka zitatu kapena zinai, mseu umakhala pansi, minda pamwamba, ndipo tapanga mtsinje ndi ndalama zathu zomwe. Mwezi wa Ogasiti aliyense amayamika kusalala kwace, njinga zikuthamanga, pfumbi lili kobo. Pofika Januwale, tonse tavula nsapato.

Sindinena kuti ngalande ikanaletsa zimene tinaona m'mwezi wa Marici 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi mitengo kucokera m'phiri, napha anthu oposa 600 m'dziko lino, ena mazana osapezeka konse. Ndipo midzi ya kuno kwa Mfumu Njema ndi ya ku Nkhulambe m'boma la Phalombe inakhala masiku yosafikika ndi galimoto, kotero kuti cakudya cina cinapita ndi helikopita. Akulu amakumbukanso Napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Zotere zimaposa khasu la munthu, ndipo milatho yaikulu imene inagumuka ndi nchito ya Boma lalikulu. Koma tisabisale kuseri kwa namondwe. Idai anabwera mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Ndipo zaka zimene kunalibe namondwe, kodi miseu yathu inali kupitika mwezi wa Febuluwale? Mseu umene wakhala ukudyeka pang'ono pang'ono ndiwo umayamba kuduka tsiku la cigumula.

Tsopano tinene za ndalama, pakuti pamenepa ndi pamene anthu amasokonezeka, nadandaula pa khomo losayenera. Miseu yaikulu, monga M2, ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndipo ndalama zace zimasungidwa ndi la Roads Fund Administration. Onse awiri anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2006. Ndalamazo zimacokera makamaka pa msonkho wa mafuta a galimoto, ndiponso pa zipata zolipiritsa za pa mseu wa M1, ca pa Chingeni cimene cinatsegulidwa mu 2021 ndi ca pa Kalinyeke mu 2022. Dziwani kuti msonkho wa mafutawo inunso mumaupereka, ngakhale mulibe galimoto, pakuti uli m'kati mwa mtengo wa minibasi, wa cigayo ca dizilo ndi wa thumba la feteleza. Koma timiseu ta m'midzi tili pansi pa Khonsolo ya boma, monga mwa lamulo la maboma ang'ono la mu 1998. Limbuli alibe khonsolo ya tauni yaceyace monga Luchenza. Zathu zonse zimakambidwa ku Khonsolo ya Mulanje, pafupifupi makilomita 30 kucokera kuno ku malire. Khonsolo imapeza ndalama m'njira zingapo. Zina imatolera yokha, monga ziphaso za pa msika ndi malaisensi a magolosale. Zina zimacokera ku Boma za citukuko ca m'maboma. Ndipo pali thumba la citukuko ca dera la phungu, lochedwa CDF, limene linayamba mu 2006, ndipo pofika mu 2024 linali K200 miliyoni pa dera lililonse. Za amene ayenera kugwira cingwe ca thumba limeneli anthu akangana mpaka ku makhoti, ndipo ine sindilowamo. Funso langa ndi lakuti ndalamazo zikafika, ziyambe kugwira ciani.

Pali cizolowezi m'dziko lathu lonse, si kuno kokha, cokonda citukuko cimene cimaima ciriri. Nyumba imaoneka, ili ndi khoma lopakapo utoto ndi polembapo dzina, ndipo tsiku lotsegulira kumakhala magule. Kalavati ali pansi pa dothi, ndipo akagwira bwino nchito yace palibe amamkumbuka. Kukonza cinthu cakale kulibe ulemu umene kumanga catsopano kuli nawo. Atsogoleri ndi anthu ngati ife, amapita kumene kuli nthungululu. Ndipo tinene zoona, nthungululuzo timaimba ndife.

Wina adzati, "Kodi alangizi afuna ana athu aphunzire pansi pa mtengo cifukwa ca ngalande?" Iai. Ine ndinaimapo kutsogolo kwa ana, ndidziwa cimene mvula imacita ndi kalasi la pansi pa mtengo. Ndidziwanso kuti pa msika waukulu ngati wathu zimbudzi ndi madzi abwino si zoseweretsa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa zimenezo ndi maliro. Pa ndalama za ziphaso za pa msika, zimbudzi ndi kucotsa zinyalala ziyambe ndithu. Koma taonani kuti simenti ya sukuluyo, mabuku ace ndi mphunzitsi wace zimadzera pa mseu. Mai wodwala pakati amene anyamulidwa pa macila usiku amadzera pomwepo. Ndipo msika umene Khonsolo itolerapo ziphaso umadzazidwa ndi katundu wodzera m'timiseu tomweti. Mlimi amene walipira ciphaso atasenza thumba pamutu kuwoloka khwawa ali nako kufunsa kuti gawo lina la ndalama yaceyo libwerere ku khwawalo. Cimene ndikana ine ndi mpanda wa njerwa wozinga ofesi, kapena nyumba yoyambidwa ndi kusiyidwa pa mawindo, pamene midzi isanu ili kutsidya kwa kamlatho kothyoka matabwa.

Za phula ndinene mwacidule. Mseu wa ku Muloza kunka ku Chiringa, wozungulira kum'mawa kwa phiri, anthu akhala akuupempha phula zaka zambiri, ndipo pempho lao ndi lolungama. Tipitirize kulinena kwa aphungu ndi kwa eni miseu yaikulu. Koma phula ndi lodula kotero kuti thumba la Khonsolo likati ligule, lingathere pa kamtunda kocepa, pamene ndalama zomwezo zikanatsegula malo oipa ambirimbiri. Pakuti mseu wa dothi suipa ponse ai. Pa makilomita khumi, malo oletsa galimoto amakhala atatu kapena anai: pa khwawa, pa dambo, pa citunda coterera. Konzani amenewo ndi miyala ndi konkire, ndipo mseu wonse wapitika caka cathunthu. Akulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Ndipo ngakhale phula lomwelo, likadzabwera pa mseu wopanda ngalande, lidzasweka ngati cigumu.

Tisaloze cala ku boma kokha, pakuti zala zina zatiloza ife. Ndayenda m'midzi yambiri, ndipo ndaona mlimi atalima mizere yace mpaka m'ngalande ya mseu, nabzalamo cimanga mapesi awiri. Ndaona wina atatseka kangalande kopatuka cifukwa kamatayira madzi m'munda mwace, ndipo mnzace wa kumunsi naye natseka kace, kufikira madzi onse a citunda atsikira pa kalavati mmodzi. Ena amatsegula mizere yao kuti madzi a m'munda atulukire pa mseu. Ena amaumba njerwa ndi dothi la m'mphepete, ena amakumba mcenga patsinde pa mlatho. Malo ndi ocepa kuno, ndidziwa. Mabanja ambiri alibe ngakhale ekala imodzi yathunthu, ndipo phazi lililonse la nthaka ndi nsima. Koma madzi a kangalande kamodzi, mukawalandira m'dzenje ndi kubzalapo nthoci kapena nzimbe, ndi phindu. Amakhala mdani pokhapokha mwawakana nonse.

Nanga agwire nchitoyi ndani? Mau akuti "kulambula mseu" ali ndi mbiri yowawa m'boma lino. Agogo athu anagwira nchito ya thangata m'maesiteti, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anthu analipitsidwa ndi kumangidwa cifukwa ca malamulo a malimidwe, kotero kuti anadana ndi migula imene inali yowathandiza iwo omwe. M'nthawi ya Kamuzu Banda kunali Sabata ya Acinyamata, ndipo miseu yambiri inalambulidwa m'menemo. Pambuyo pace kunadza nchito za MASAF zolipira, ndipo ena anazolowera kuti khasu lisakhudze mseu popanda ndalama. Ine ndiona kuti cikakamizo sicimanga kanthu kokhalitsa, komanso nchito ya masabata awiri pa caka siisunga mseu. Cimene ndipempha Khonsolo ndi ici: mseu uliwonse wofika ku msika ugawidwe, munthu mmodzi wokhala pafupi apatsidwe kilomita imodzi kapena ziwiri, ndi zipangizo zace, ndi kamalipiro ka mwezi ndi mwezi kosadumpha. Nchito yace ikhale kutsegula ngalande ndi makalavati mvula isanagwe ndiponso ikangokata, kukwirira maenje akali aang'ono, ndi kusamala vetiva. Mudzi wonse udzadziwa kuti pakuti-pakuti ndi pa uje, ndipo manyazi adzagwira nchito imene kapitao sangaithe. Kwa ife eni minda kutsale kusunga ngalande ya kutsogolo kwa munda wathu, monga tisesa pabwalo popanda wotilipira. Ndipo tisanene kuti alimi sangathe zazikulu: anzathu a tiyi a bungwe la Sukambizi, kuno komwe ku Mulanje, anamanga milatho m'midzi yao ndi ndalama za bonasi ya tiyi wao, atagwirizana okha pa msonkhano.

Njira yofikitsira mau athu ilipo, koma timaiyenda mocedwa. Zofuna za mudzi zimayamba ku komiti ya citukuko ya kwa gulupu, ya VDC, zipite ku ya kwa mfumu yaikulu, ya ADC, ndipo kucokera kumeneko zilowe m'mapulani a boma. Cimene sicinalembedwe m'menemo sicipeza ndalama, ngakhale mutacilira pa maliro aliwonse. Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo anthu ambiri anaiwala kuti pali munthu amene nchito yace ndi kunyamula nkhani ya kamlatho ka kwao. Tsopano alipo, mgwiritseni nchito. Liliponso lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha kudziwa za m'maofesi a Boma, limene linayamba kugwira nchito mu 2020. Si mwano kufunsa mwaulemu kuti msika wa Limbuli unatolera zingati caka catha, ndi kuti mwa izo zinabwerera kuno ndi zingati. Si mwano kupempha kuti mtengo wa kalavati ndi dzina la womanga zilembedwe poyera pa malo a nchito. Safunsa anadya phula.

Koma popita ku msonkhano musapite ndi mau akuti "mseu wathu waipa," pakuti mudzi uliwonse udzanena comweco, ndipo wolemba adzangogwedeza mutu. Mwezi uno, kukali kouma, nyakwawa ndi a komiti ndi alimi a m'kalabu ayende mseu wao wonse ndi kope m'manja. Lembani malo alionse amene galimoto inakanika dzinja lapita, ndi masabata angati. Yezani kukula kwa khwawa ndi mapazi, ndipo akulu akuonetseni pamene madzi amalekeza cigumula cikakula. Werengani midzi, masukulu ndi matumba a mbeu amene amadzera pamenepo. Pamene pafuna makasu okha, tsegulani Okotobala asanathe. Pamene pafuna simenti, sankhani malo awiri oipitsitsa, osati khumi, ndipo mupite nawo ku ADC mapulani a caka camawa asanatsekedwe. Amene afuna thandizo la kuyeza matsetsereko andipeze; cingwe ndi levulo zimene timayezera akalozera ndili nazo, ndipo zimagwira pa ngalande ya mseu cimodzimodzi.